Kodi penti wobiriwira moderako timutchula bwanji?

Mayi wina wa ku Senga Bay m'boma la Salima watilembera motere: "Ndikufuna kukongoletsa pabalaza panga ndi penti wa mtundu wa masamba okhwima. Nditatuma mmisiri pa Kamuzu Road kuti akagule wa mtundu wa msipu, anabwera ndi wowala kwambiri. Kodi mawu oyenera ndi ati, nanga timalemba kubiriwira kapena kubiliwira?"

Mayi, mmisiri wanuyo anagula zimene munamutuma. Msipu ndi udzu wanthete umene umaphuka mvula yoyamba ikagwa kapena tchire likapsa, ndipo kubiriwira kwake ndi kowala, kosiyana kutali ndi kwa tsamba lokhwima la mango limene mukuliganiziralo. Mawu amene ndikukulangizani ndi akuti "penti wobiriwira moderako". Mneni "kudera" amachokera ku "kuda", ndipo amasonyeza kuti mtunduwo wapendekera ku wakuda koma sunafikeko.

Ambiri amati "wobiriwira kwambiri", koma mawuwa ine sindigwirizana nawo pa nkhani ya penti, chifukwa "kwambiri" amangokuza kubiriwirako osanena ngati ndi kowala kapena kodera. Munda wa mpunga wongowokedwa kumene ku Nkhotakota nawonso timati wabiriwira kwambiri, uli biriwiri, pamene mtundu wake ndi wowala. Pewaninso kunena kuti "khoma lakuda mobiriwira", pakuti m'Chichewa chathu khoma likada ndiye kuti lili ndi litsiro, ndipo mlendo angaganize kuti mukudandaula za ndere zobwera ndi chinyezi. M'sitolo mudzamva ogulitsa akuti "girini", mawu obwereka amene azika mizu m'kalankhulidwe, koma nawonso amafuna "woderako" pambuyo pake kuti mumvane. Popeza mitundu yodera ilipo ingapo, tengani tsamba lenilenilo mukaliyerekeze ndi mtundu wosonyezedwa pa chitini, ndipo muyambe mwapaka kachigawo kakang'ono n'kudikira kuti kaume, chifukwa penti wauwisi saoneka chimodzimodzi ndi wouma. M'chipinda cha mawindo ang'onoang'ono mtundu umenewu umachepetsa kuwala, choncho khoma limodzi lingakwane.

Pa kalembedwe, malamulo amene inakhazikitsa Chichewa Board, bungwe lomwe linayamba ntchito mu 1972 ndipo linalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba, amati "r" amabwera pambuyo pa "i" kapena "e", pamene "l" amakhala kumayambiriro kwa mawu ndiponso pambuyo pa "a", "o" ndi "u". Motero timalemba kubiriwira, kudera ndi kuyera, koma kuwala ndi kugula.

Pali cholakwika china chimene simunafunse koma chafala kwambiri pa Facebook ndi pa zikwangwani za masitolo, ndicho kulemba "penti obiriwira". Penti ndi mmodzi, choncho ndi "wobiriwira", monganso utoto wobiriwira. "Obiriwira" ndi wa zambiri, monga makoma obiriwira. Timati khoma lobiriwira, chipinda chobiriwira, nyumba yobiriwira.

Pomuuza mmisiri ntchito, nenani kuti "apake penti" kapena "apente khoma", zonse ziwiri ndi zovomerezeka. Musagwiritse ntchito "kuzira", chifukwa kuzira ndi kusalaza pansi kapena khonde ndi dothi lonyowa, monga amachitira amayi kumudzi pokonzekera alendo.