Chowala cha kumadzulo chija ndi Venus, choyenda chija ndi nkhani ina

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi chinyenyezi chowala kwambiri chimene mukumachiona kumadzulo dzuwa likangolowa, chimene anzanu akuti ndi setilayiti. Chachiwiri ndi kuwala kumene kunadutsa mwakachetechete pamwamba pa nyumba yanu n'kuzimiririka pakati pa thambo. Mwafunsanso ngati mugule telesikopu. Ndalamazo zisungeni kaye, chifukwa zonsezi maso anu okha akhoza kuzisiyanitsa.

Chinthu chikakhala pamalo amodzi kwa mphindi khumi, n'kumatsika pang'onopang'ono limodzi ndi nyenyezi zina, chimenecho si setilayiti imene mungaione ndi maso. Masetilayiti amene amaoneka ngati aima malo amodzi alipo, monga aja amene madishi a DStv amaloza, koma ali kutali makilomita pafupifupi 36,000 ndipo simungawaone popanda chida. Chowala cha kumadzulocho ndi pulaneti ya Venus. Imazungulira dzuwa m'kati mwa njira ya dziko lathu, n'chifukwa chake siitalikirana nalo dzuwalo. Tambasulani mkono mukunge chibakera: chibakera chimodzi chimaphimba madigiri pafupifupi 10 a thambo, ndipo Venus siipitirira zibakera zisanu kuchokera pamene pali dzuwa. Ndiye mudzaiona madzulo kumadzulo, kapena m'bandakucha kum'mawa, pamene timaitcha nthanda. Pakati pa usiku pamwamba pa mutu simudzaipeza.

Mukaona chowala chotero chili pamwamba usiku ukulu, ganizirani pulaneti ya Jupiter. Kuwala kwake n'koyera, kokhazikika, ndipo kumaposa nyenyezi iliyonse. Mars ndi yofiirira, koma imasinthasintha. Pakapita miyezi pafupifupi 26 imayandikira dziko lathu n'kuwala zedi, kenako imafooka moti mukhoza kuidutsa osaizindikira. Saturn ndi yachikasu pang'ono ndipo siidzionetsera. Mercury musavutike nayo pakadali pano, imabisala m'chizimezime pafupi ndi dzuwa.

Anthu amati nyenyezi zimaphethira pamene mapulaneti saphethira. Zoona, koma lamulo limeneli limanamiza chinthucho chikakhala m'munsi pafupi ndi mapiri kapena mitengo, chifukwa mpweya wa mumlengalenga umagwedeza kuwala kulikonse. Nyenyezi ya Sirius, yowala kuposa zonse usiku, ikakhala m'munsi imathwanima mofiira, mobiriwira ndi moyera mpaka munthu kuganiza kuti ndi ndege. Chodalirika ndi njira. Mapulaneti amayenda mumsewu womwewo umene dzuwa ndi mwezi zimadutsa, kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, ndipo kwathu kuno msewu umenewu umadutsa pamwamba ndithu. Chowala chimene chili kum'mwera kwenikweni, kufupi ndi nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda zija, ndi nyenyezi basi.

Tsopano choyenda chija. Mwanena kuti sichinkaphethira, sichinkamveka phokoso, ndipo chinatenga mphindi zitatu kapena zinayi. Mmene mwafotokozeramo, ndikuona kuti ndi siteshoni ya mumlengalenga yotchedwa International Space Station, imene ambiri amangoti ISS. Ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, imathamanga makilomita 28,000 pa ola, ndipo imazungulira dziko lonse m'mphindi pafupifupi 90. Kukula kwake ndi ngati bwalo la mpira, ndipo muli anthu amene akhala akusinthana mosadukiza kuyambira mu November 2000. Ilibe nyali yotiwunikira ife. Timaiona chifukwa kumwambako dzuwa limakhala likuiwombabe pamene pansi pano kwada kale. Ikalowa mumthunzi wa dziko lapansi imafiira pang'ono, n'kuzilala, n'kusowa. Ndi zimene munaonazo, sikuti inagwa. N'chifukwa chakenso masetilayiti amaoneka bwino m'maola awiri oyamba dzuwa litalowa ndi m'maola awiri kusanache. Dziko la China nalo lili ndi siteshoni yake, Tiangong, yomwe imadutsanso kuno koma ndi yocheperako kuwala.

Ndege siivuta. Imakhala ndi nyali yofiira kuphiko lakumanzere, yobiriwira kumanja, ndi yoyera yothwanimathwanima. Chimene chimang'anima kamodzi n'kutha musanamalize kunena kuti "taonani" ndi kamwala kopsa mumlengalenga.

Tsiku lina mudzaona timagetsi tambirimbiri titandondozana ngati linthumbu, ndipo m'mudzi nkhani ya ndege za ufiti idzayamba pomwepo. Amenewo ndi masetilayiti a Starlink, a kampani ya SpaceX, imene inatumiza gulu loyamba la masetilayiti 60 mu May 2019. Akangowaponya kumene amayenda pamzere, ndipo pakapita masiku amabalalika n'kukwera pamalo awo. Intaneti ya Starlink inayamba kupezeka ku Malawi mu 2023, ndiye pamene mukudabwa nawo, wina pafupi nanu akuonera mpira kudzera m'masetilayiti omwewo.

Pa foni ikani pulogalamu ya Stellarium. Mukaloza foni kumwamba imakuuzani dzina la chimene mukuona, bola mwaiuza malo amene muli ndipo kampasi ya foniyo ikugwira bwino. Mafoni ena otsika mtengo alibe kampasi, ndiye mumangosuntha chithunzicho ndi chala mpaka chifanane ndi thambo. Za nthawi imene ISS idutse, onani pa webusaiti ya Heavens-Above kapena pa pulogalamu ya pafoni ya Spot the Station ya NASA. Amakupatsani ola, mphindi, mbali imene itulukire ndi kutalika kwake. Sankhani ulendo umene ikwere kupitirira madigiri 40, chifukwa yotsika imabisika ndi mitengo ya mango ndi madenga. Tulukani kutatsala mphindi zisanu, siichedwa ndipo siidikira munthu.

Mukafunabe kugula chida, yambani ndi mabayinokyula olembedwa kuti 10x50, ngakhale a pakaunjika. Tsamiritsani zigongono pakhoma kapena padenga la galimoto kuti manja asanjenjemere, mulozetse Jupiter. Mudzaona timadontho mpaka tinayi pamzere m'mbali mwake. Imeneyo ndi miyezi yake, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, imene wasayansi Galileo anaiona mu 1610. Jambulani papepala mmene yakhalira, mawa mudzapeza yasintha malo. Mphete za Saturn zokha ndiye zimafunadi telesikopu, ndipo matelesikopu otchipa a miyendo yogwedera aja amangokhumudwitsa.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August, mitambo itachoka koma utsi wa moto wolusa usanachuluke. Sankhani usiku wopanda mwezi, mlalang'amba uli pamwamba penipeni. Mukakhala m'tauni, tsiku limene magetsi azima ndi lanu. Maso amafuna mphindi 20 kuti azolowere mdima, choncho chepetsani kuwala kwa foni musanatuluke, ndipo muvale juzi.