Za nyumba ya ku Harmondsworth ija

Achimwene mwafunsa za nyumba ya renti yotchipa ku Harmondsworth, mudzi wa pafupi ndi bwalo la ndege la Heathrow ku London. Kutchipa kwa nyumba imeneyo kuli ndi chifukwa chake, ine mtima wachita kuwawa powerenga chifukwa zinandionekera ku mudzi wa Sipson pafupi pomwepo. Mu 2009 boma litavomereza ranweyi (msewu woterapo ndi kunyamukirapo ndege) yachitatu ya Heathrow pulani inali yogumula Sipson, nyumba pafupifupi 700. Mu 2010 boma latsopano linaimitsa koma mudzi unali utayamba kale kutha, eni bwalo la ndege amagula nyumba, anthu obadwira pomwepo kumagulitsa nkumapita, otsala tinali ife a renti, olowa lero mawa atuluka, osadziwana ndi dzina lomwe.

Landilodi wanga anachita kulumbira kuti iye sagulitsa, ine nkupenta nyumba yonse ndi ndalama zanga. Tsiku limenelo ndikuchokera ku shifiti ya usiku, kukuzizira koopsa, ndikutsegula chitseko ndangoponda envelopu, notisi ya miyezi iwiri. Ndinangokhala pa masitepe ndi jekete yomwe osavula nsapato, madamu ali oyembekezera mwezi wotsiriza akundifunsa kuti kwagwanji ine mawu osatuluka, mwana wamkulu ali mu yunifomu akudikira ndimuperekeze ku sukulu yomwe anzake amachoka mmodzimmodzi. Ndikuimbira bambo aja foni ikungoitana, kwa ejenti akuti ife sizikutikhudza. Munthu woipa mtima ameneuja, anadulanso dipoziti ati kapeti yada, kapeti ya nyumba yoti wagulitsa kale! Iye analandira zake nkukagula kwina kopanda phokoso.

Ndiye Harmondsworth musaione ngati yapulumuka. Pulani ya ranweyi yachitatu yomwe aphungu anavomereza mu 2018 ikudya mudzi wonse wa Longford ndi mbali yaikulu ya Harmondsworth, khothi linaikana mu February 2020, khothi lalikulu kwambiri la Supreme Court nkutembenuza chigamulocho mu December chaka chomwecho, mu January 2025 boma linanenanso kuti likuifuna. Chipukuta misozi cha 25% pamwamba pa mtengo wa nyumba zogumulidwa ndi cha eni nyumba, osati inu ndi ine. Ndi ana musayerekeze kusamukirako.

Komabe ngati ntchito yanu ili pa eyapoti pompo ndipo renti ndi yomwe mwatchulayo, aaa tengani, mumapita wapansi kapena panjinga, ine ndinasungako ndalama yeniyeni nthawi imeneyo mpaka kumanga kumudzi. Chachikulu musapente kalikonse, funsani pepala losonyeza komwe asungitsa dipoziti yanu, ndipo tsiku lolowa jambulani kapeti chipinda chilichonse.