Za deed ya nyumba ku South Bend: yambani mwaona kaundula musanasaine

Achimwene, mwafunsa zinthu zitatu nthawi imodzi. Mwamaliza kubweza ngongole ya nyumba yanu ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, koma banki sinakutumizireni "title deed", mukufuna kuwonjezera dzina la mayi akunyumba pomwe iwo ali ku Lilongwe, ndiye palinso munthu amene akufuna kukugulitsani kanyumba kena pamanja popanda kudzera ku title company, kampani yofufuza umwini wa nyumba pa nthawi yogula. Zonse zitatuzi zikukumana pa ofesi ya Recorder wa St. Joseph County, yomwe imasunga kaundula wa zikalata za malo ndi nyumba m'dera limenelo.

Choyamba chotsani nkhawa ya pepala. Ku Indiana banki sisunga deed yanu ngati chikole. Deed inalembetsedwa kwa Recorder nthawi yomwe munkagula, anaijambula, anaipatsa nambala, ndipo yeniyeniyo inabwezedwa. Ngakhale itatayika kapena kupsa, nyumba ikhalabe yanu chifukwa chomwe chili ndi mphamvu ndi zimene zili m'kaundula. Chomwe banki ikuyenera kuchita pano ndi kulembetsa chikalata chotchedwa release kapena satisfaction of mortgage, chonena kuti ngongole yatha. Chimenecho ndiye mukachifufuze. Onani kuti nambala ya mortgage (chikalata cha ngongole ya nyumba) yomwe yatchulidwa pa release ikufanana ndendende ndi ya mortgage yanu. Ngati munachitapo refinance (kutenga ngongole yatsopano kuti mubwezere yakale), m'kaundula muli ma mortgage awiri kapena kuposa, ndipo iliyonse imafuna release yakeyake. Apa ndi pomwe pamakonda kutsalira zinyalala: ngongole yoyamba inalipidwa kalekale, koma banki yake inagulidwa ndi ina ndipo palibe analembetsa release. Vutoli limagona phee mpaka tsiku logulitsa nyumba.

Musayerekeze ofesi imeneyi ndi ya Lands kwathu. Pansi pa Registered Land Act ku Malawi, kaundula wa boma amanena mwachindunji kuti mwini malo awa ndi uje. Recorder wa ku Indiana sanena zimenezo. Iye amangoona ngati chikalata chalembedwa m'maonekedwe oyenera, chasainidwa, chili ndi chidindo cha notary (wotsimikizira masiginecha) ndipo ndalama yalipidwa. Sayang'ana ngati wogulitsayo ndi mwinidi. Munthu atha kulembetsa deed ya nyumba yosakhala yake ndipo idzalowa m'kaundula bwinobwino. N'chifukwa chake ntchito yofufuza imagwera wogula.

Kufufuzako musayambire kwa Recorder. Yambani pa webusaiti ya Assessor (ofesi yoika mtengo wa nyumba wowerengera msonkho) kapena mapu a county, lembani adiresi, mutenge nambala ya malowo yotchedwa parcel ndi dzina la amene akulandira bilu ya msonkho. Izi ndi zokulozerani njira chabe, si umboni wa umwini, pakuti zolemba za msonkho zimachedwa kusinthidwa. Muli ndi dzinalo, pitani ku mndandanda wa Recorder. Mndandandawu umasanjidwa potsata mayina a anthu, osati adiresi: mbali ina ndi ya grantor, wopereka, ina ya grantee, wolandira. Fufuzani dzina la wogulitsa wanuyo ku mbali ya grantee kuti mupeze deed yomwe anapezera nyumba. Pa deed imeneyo pali dzina la amene anamugulitsa. Tengani dzinalo, mulifufuzenso ngati grantee, n'kumabwerera m'mbuyo choncho. Lamulo la Indiana la marketable title limatchula zaka 50 za mbiri ya umwini, ndipo kumeneko ndiye kolekezera kwabwino. Zikalata zatsopano zili ndi nambala ya kwa Recorder yotchedwa instrument number, zakale zimadziwika ndi nambala ya buku ndi tsamba, ndipo zina mwa zakalezo sizili pa intaneti, muyenera kukhala pa kompyuta ya mu ofesi kapena kutsegula mabuku enieni.

Anthu ambiri akafika pa deed yakale kwambiri amatseka faelo n'kumati amaliza. Kumeneko ndi theka chabe, ndipo theka lotsalalo ndiye lopulumutsa ndalama. Tsopano bwererani kutsogolo. Mwini aliyense mumufufuze ku mbali ya grantor, kuyambira tsiku lomwe analandira nyumba mpaka tsiku lomwe deed yomuchotsa inalembetsedwa. Mukufuna kuona chilichonse chomwe anapereka kapena kumangirira pa malowo ali m'manja mwake: mortgage, njira ya mapaipi kapena mawaya yotchedwa easement, chigawo cha malo chomwe anadulira mnansi, kapena land contract (mgwirizano wogulitsa nyumba molipira pang'onopang'ono) yomwe anasainirana ndi munthu wina. Pali mechanic's lien, yomwe mmisiri amene sanalipidwe amaika pa nyumba, komanso federal tax lien, yomwe bungwe la msonkho la IRS limaika munthu akalephera kulipira msonkho. Zimenezi zimamatirira pa nyumba, sizichoka chifukwa mwini wasintha.

Mayina ndi amene amasokoneza kwambiri. Mayi amene anagula nyumba asanakwatiwe atha kugulitsa ndi dzina lina. Wina analemba dzina lapakati pogula n'kulisiya pogulitsa. Bambo ndi mwana ali ndi dzina limodzi. Ndipo mayina athu, akalaliki ena amawalemba molakwika polowetsa mu kompyuta, Ng'oma n'kukhala Ngoma, kapena dzina loyamba kusinthana malo ndi la makolo. Choncho lembani zilembo zitatu kapena zinayi zoyamba zokha, muyese kalembedwe kangapo, ndipo musakhutire ndi mzere wa m'mndandanda. Tsegulani chithunzi cha chikalatacho muwerenge nokha.

Powerengapo, maso akhale pa legal description, mawu a pa deed ofotokoza ndendende malo omwe akusamutsidwa. Adiresi ya msewu si imene imasamutsa malo. M'tawuni mumakhala nambala ya lot ndi dzina la chigawo monga zinalembedwera pa mapu otchedwa plat, pomwe kunja kwa tawuni amatchula section, township ndi range. Section imodzi imakhala maekala pafupifupi 640, ndipo kota ya kota yake ndi maekala 40. Yerekezani mawu amenewa deed ndi deed, liwu ndi liwu. Ngati deed ya 1988 ikunena Lot 14 yonse, koma ya 2004 ikunena Lot 14 kupatula mafiti 10 a kum'mawa, pali kachidutswa komwe kanapita kwina, ndipo mwina garaja yomwe akukuonetsaniyo yakhala pamenepo.

Palinso zomwe Recorder alibe. Chigamulo cha khoti choti munthu alipire ngongole chimakhala kwa Clerk wa makhoti, ndipo ku Indiana chimagwira malo a munthuyo mu county imeneyo kwa zaka 10. Fufuzani dzina la wogulitsa pa mycase.in.gov, muonenso milandu ya kutha kwa banja ndi ya chuma cha masiye. Ngati mwini womaliza m'kaundula anamwalira ndipo akugulitsa ndi mwana mmodzi, funsani pepala lomupatsa mphamvu, apo ayi abale ake ena adzatulukira mutamanga kale mpanda. Msonkho wotsalira muufunse kwa Treasurer, wotolera msonkho wa county, pamodzi ndi funso loti nyumbayo inalowapo pa tax sale (malonda a nyumba zosalipira msonkho) kapena ayi.

Kunena mosabisa, pa kanyumba kogula pamanjako kufufuza nokha kukhale kongokuthandizani kusankha ngati n'koyenera kupitiriza. Ndalama musapereke popanda title company ndi inshulansi ya title, yokutetezani umwini ukadzapezeka ndi vuto. Chifukwa chimodzi ndi chakuti mndandanda umatsalira m'mbuyo ndi masiku angapo, ndiye chikalata chomwe chalowa dzulo mwina simungachione lero. Funsani kalaliki kuti mndandanda wafika tsiku liti. China, siginecha yabodza ya zaka zapitazo siioneka ndi maso. Ndipo wogulitsa akaumirira quitclaim deed, dziwani kuti pepala limenelo limangokupatsani chomwe iye ali nacho, ngakhale chitakhala chopanda kanthu, ndipo salonjeza chilichonse. Pogula kwa mlendo funani warranty deed, yomwe wogulitsa amalonjezapo kuti umwini wake ulibe vuto. Mukalandira, ilembetseni tsiku lomwelo. Ku Indiana munthu wina amene wagula mosadziwa za inu n'kuyamba kulembetsa atha kukulandani malo, deed yanu ili chikhalire mu kabati.

Za mayi akunyumba tsopano. Deed yakale sailembapo dzina ndi cholembera, pamafunika deed yatsopano yochokera kwa inu kupita kwa inu ndi iwo, ndipo mulembe kuti ndinu mwamuna ndi mkazi. Ku Indiana zikatero mumakhala eni limodzi mwa njira ya tenancy by the entireties, kotero wina akatsogola wotsalayo amatenga nyumba yonse osadutsa ku khoti. Nkhani yabwino ndi yakuti wosaina ndi wopereka, ndiye inuyo, kotero mayi sakufunika kukwera ndege. Koma dziwani kuti kuyambira pamenepo simungagulitse kapena kuika nyumbayo chikole popanda siginecha yawo. Ikadzafunika ali kwathu, njira yosavuta kukanidwa ndi kukasainira ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, komwe amalipiritsa madola 50 pa chidindo chilichonse. Musanasaine imbirani kampani yomwe inakupatsani inshulansi ya title pogula, mufunse ngati deed yatsopanoyo isintha chitetezo chanu. Loya polemba deed yotere salipiritsa zambiri poyerekeza ndi mtengo wokonza yolakwika.

Mukailemba nokha, legal description muikopere kuchokera pa deed yanu yolembetsedwa, osati pa bilu ya msonkho, chifukwa pa bilu amaidula. Dzina lanu lilembedwe ndendende monga liliri pa deed yomwe munalandirira nyumba. Pepala likhale loyera, inki yakuda, zilembo zosachepera 10 point, ndipo tsamba loyamba ndi lomaliza musiye mainchesi 2 opanda kanthu pamwamba ndi pansi kuti zidindo zipeze malo. Dzina lilembedwe momveka pansi pa siginecha. Pakhale adiresi yotumizirako bilu ya msonkho, mzere wonena amene wakonza chikalatacho, ndi chiganizo cholumbira kuti mwachotsa manambala a Social Security. Chiganizo chimenechi ndi cha ku Indiana, ndipo mafomu ambiri otengedwa pa intaneti alibe, ndiye kalaliki amabweza. Musasaine kunyumba, mukasainire pamaso pa notary.

Kayendedwe kake m'maofesi kali ndi ndondomeko. Muyamba kwa Assessor, amene amaona ngati pakufunika fomu yofotokoza za malonda yotchedwa Sales Disclosure Form, kenaka kwa Auditor kuti asinthe dzina m'mabuku a msonkho ndi kudinda, pomaliza kwa Recorder. Mukalumpha awiri oyambawo mudzabwezedwa. Kuyambira 2017 ma county ambiri a ku Indiana amalipiritsa madola 25 polembetsa deed, koma imbani foni mutsimikize mtengo ndi njira yolipirira, poti Auditor naye ali ndi kandalama kake. Muli kwa Auditor komweko funsani ngati homestead deduction yanu, yomwe imachepetsa msonkho wa nyumba yomwe mukukhalamo, ikufunika kulembedwanso. Ikagwa mosazindikira, bilu ya msonkho ya chaka chotsatira imakwera moonekeratu.

Kope ya deed ndi yotchipa: nthawi zambiri dola imodzi pa tsamba, ndi madola 5 owonjezera mukafuna yokhala ndi chidindo chotsimikizira. Yachidindoyo imafunika ku khoti kapena ofesi ikaitchula, yongosunga pakhomo yawamba ndi yokwanira. Pitani ndi instrument number kuti kalaliki asavutike, ndipo werengani masamba musanachoke, chifukwa legal description nthawi zina imakhala pa tsamba lomata kumapeto lotchedwa Exhibit A, lomwe limaiwalika pofotokopa. Deed yatsopano ikangolembetsedwa muyamba kulandira makalata ooneka ngati a boma okuuzani kuti mutumize madola makumi angapo kuti akupatseni kope. Amenewo ndi amalonda otola mayina m'kaundula, ang'ambeni. Koma funsani kwa Recorder ngati ali ndi Property Fraud Alert, yomwe ndi yaulere ndipo imakutumizirani uthenga chikalata chilichonse chikalowa m'dzina lanu. Mulembetse dzina lanu, la mayi, ndi kalembedwe kena kalikonse kolakwika komwe mwakapeza m'mndandanda.