Kwa achimwene ofunsa za cadet ya upayiloti, yambani ndi dokotala

Achimwene funso lanu ndaliona, mwati kampani ina ya ndege yatsegula pulogalamu ya ma cadet yoti iwo azikulipirirani sukulu ya upayiloti, mwatsala ndi miyezi itatu yokonzekera ndipo mukuganiza zogula mabuku a ATPL, laisensi yapamwamba ya mapayiloti a ndege za makampani, muyambe kuloweza. Mabukuwo asiyeni kaye. Ine njirayi ndinadutsamo kawiri, ulendo woyamba ndinagwa pa gawo lachiwiri lenileni, nde zomwe ndikulembazi zina ndinazidziwa mowawa.

Pitani kaye kwa dokotala. Osati dokotala aliyense ayi, koma wovomerezeka ndi bungwe loona za ndege, amene amapereka medical ya Class 1. Amayeza maso, makutu, mtima pa ECG, magazi, mkodzo, nkukufunsani za matenda onse omwe munadwalapo. Anthu ambiri amaopa nkhani ya magalasi koma magalasi si vuto kwenikweni, mapayiloti ambiri amavala, bola maso akhale mkati mwa malire omwe anaikidwa. Chomwe chimadzidzimutsa anthu ndi mitundu. Pali timapepala ta Ishihara, timadontho tamitundumitundu tobisa nambala mkati, munthu utha kukula mpaka zaka 25 osadziwa kuti chofiira ndi chobiriwira sumazisiyanitsa bwino, nkudzadziwira pamenepo. Ukalakwa pamakhala mayeso ena owonjezera, koma kuli bwino kudziwa lero kusiyana nkudziwa mutadutsa kale magawo onse. Ndipo kwa dokotalayo musabise kanthu, olo mphumu ya paubwana, chobisa chikadzatulukira patsogolo chimapha ntchito kuposa matendawo.

Kenako werengani zoyenereza mofatsa, mzere ndi mzere. Zaka, maphunziro, pasipoti, ufulu wogwira ntchito m'dziko lomwe kampaniyo ili, ena amafunanso kuti muzitha kusambira. Mapulogalamu ambiri amakhala a nzika zokha kapena a anthu omwe ali kale ndi chilolezo chokhala kumeneko, nde musataye miyezi pa chitseko chomwe si chanu.

Tsopano pomwe ine ndinagwera, mayeso a pa kompyuta aja. Makampani amagwiritsa ntchito osiyanasiyana, pali COMPASS, PILAPT, ADAPT, cut-e, komanso DLR ya ku Germany yomwe imatchuka kuti ndi yowuma. Fufuzani kuti kampani yanu imagwiritsa iti chifukwa sizifanana. Koma mtima wake ndi umodzi, akupatsani joystick kuti musunge kadontho pakati pa sikirini, nthawi yomweyo m'makutu akukuwerengerani manambala oti muwakumbukire, kwinaku kagetsi kakayaka mudine batani. Amachita dala kuti zikuchulukireni. Ine nditaphonya kamodzi ndinakakamira kuganiza za cholakwacho, mmene ndimabwerera ndinali nditaphonya zina zinayi. Ulendo wachiwiri ndinaphunzira kuti chapita chapita, maso pa chotsatira. Iwonso akuyang'ana zimenezo, ngati munthu amabwerera msanga akasokonezeka komanso ngati akusintha kuchoka pa raundi yoyamba kufika yachitatu.

Masamu ake si a ku yunivesite, koma ndi a pamutu, opanda kalikyuleta, wotchi ikuthamanga. Ndege ikuyenda ma knots 420, kutanthauza ma nautical mile 420 pa ola, pa mphindi 20 yayenda mtunda wanji? Gawani ndi 60, ndi ma nautical mile 7 pa mphindi, kuchulukitsa ndi 20 ndi 140, basi. Ikumwa mafuta makilogalamu 2,400 pa ola, pa mphindi 25 yamwa angati? 40 pa mphindi, nde 1,000. Muli pa mafiti 30,000 mukufuna kutsika, mapayiloti amawerengera ma mile 3 pa mafiti 1,000 aliwonse, nde muyambe kutsika patatsala ma mile 90. Zoterezi muzipanga tsiku lililonse olo mphindi 20 zokha, osati kudzadzipanikiza usiku umodzi mayeso ali mawa. Dziwaninso pamtima kuti nautical mile imodzi ndi makilomita 1.852. Fizikisi ya ku sekondale ibwerezeni, ndipo muzitha kufotokoza m'mawu anuanu mphamvu zinayi zogwira pa ndege, lift (yokweza), weight (kulemera), thrust (yokankhira kutsogolo) ndi drag (yobweza mmbuyo), komanso kuti stall ya phiko sikuti injini yazima ayi, ndi pamene phiko lapyola ngodya yake mpweya nkusiya kulitsatira bwino pamwamba. Pamenepo mpokwanira, za ATPL adzakuphunzitsani okha, ku Europe ndi mayeso 13 ndipo aliwonse mumayenera kupeza 75%, mudzatopa nawo musadandaule kkkk.

Chingerezi, ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, imafuna Level 4 pa masitepe 6. Sakusamala kuti mukulankhula ngati wobadwira ku London, akufuna muzimveka komanso muzimva msanga. Muzidzijambula pa foni mukufotokoza chinthu, nkumadzimvera, zimachititsa manyazi koma zimathandiza.

Gawo lomwe anthu amalipeputsa ndi la pagulu. Amakuikani anthu angapo patebulo, nkukupatsani vuto loti muthetse limodzi pa nthawi yochepa, oyesa ali pambali ndi mapepala awo duu. Ena amaganiza kuti wolankhula kwambiri ndiye wapambana, amangolalata kuchokera poyamba mpaka pomaliza, ena nawo amangogwedeza mutu osatulutsa liwu. Onsewo amabwerera kunyumba. Chifukwa chake chili mu mbiri ya ndege. Mu 1977 ku Tenerife ma Boeing 747 awiri anawombana pa runway mu chifunga, anthu 583 anafa, ndipo m'ndege yomwe inkanyamukayo injiniya anafunsa ngati ndege inayo yachoka panjira koma kaputeni anangoyankha kuti inde nkupitiriza. Ngozi ngati imeneyo ndi zomwe zinabweretsa maphunziro a CRM, oti wamng'ono azitha kudzudzula wamkulu ndipo wamkulu azimva. Nde patebulo paja akufuna aone ngati mungatsutse mnzanu mwaulemu, ngati mungavomere kuti ganizo lake laposa lanu, ngati mwaona kuti uja wakhala chete nkumufunsa maganizo ake. Kuyang'ana wotchi nkukumbutsa anzanu kuti kwatsala mphindi zisanu ndi kanthu kakang'ono koma amakalemba.

Pa intavyu funso loti mukufuniranji upayiloti lidzabwera, ndipo chonde musayankhe kuti ndimalota kuyambira ndili mwana, aliyense amene walowa m'chipindamo wanena zomwezo. Onetsani zomwe mwachitapo. Ngati mungakwanitse kukwera kandege kakang'ono ndi mphunzitsi olo kamodzi, kapena glider, kandege kopanda injini, chitani, mudzakhala ndi chokamba komanso mudzadziwa ngati m'mimba mwanu mumagwirizana nazo. Konzani nkhani zanu zenizeni zisanu kapena zisanu ndi imodzi, nthawi yomwe munalakwitsa nkuvomera, yomwe munasemphana ndi mnzanu pa ntchito, yomwe munatsogolera anthu, yomwe munapanikizika. Iliyonse munene zinali bwanji, inuyo munachitapo chiyani, zinatha bwanji. Inuyo, osati "tinachita". Kampaniyo muidziwe, ndege zomwe ili nazo, komwe imapita, opikisana nayo. Akakufunsani chinthu chomwe simukuchidziwa nenani kuti sindikudziwa, kaputeni amene wakhala kutsogolo kwanuyo bodza amalimva fungo. Pa mafunso a khalidwe aja nawonso musayese kudzipanga mngelo, funso limodzi amalifunsa mosinthasintha kangapo kuti aone ngati mukusemphana nokha.

Ena amakulowetsani mu simyuleta. Sayembekezera kuti mudziwa kuwulutsa, angokuuzani liwiro, kutalika ndi kolowera, nkuona ngati mukumva malangizo ndi kusintha akakukonzani.

Mawu oti "sponsored" amenewo muwafufuze bwino achimwene, satanthauza chimodzi. British Airways inayambitsa Speedbird Pilot Academy mu 2023 yomwe imalipira maphunziro onse, koma kwina ndi ngongole yomwe adzidzakudulani pa salale, kwina mumalipira nokha iwo angolonjeza ntchito pamapeto, ndipo lonjezolo pena limakhala ndi mawu oti ngati malo alipo. Funsani bond, pangano lokumangani kugwira ntchito pa kampaniyo, ndi ya zaka zingati, mukalephera pakati pa maphunziro kapena medical ikakutherani ngongole imagwera ndani, type rating, maphunziro a mtundu wa ndege yomwe mudzawulutse, akulipira ndani. Funsaninso ngati ndi MPL, laisensi yowulutsa ngati wothandizira kaputeni, kapena ATPL ya integrated, yomwe maphunziro onse mumapanga mu kosi imodzi, chifukwa MPL maphunziro ake amamangidwa pa kampani imodziyo, ikasintha maganizo musanamalize mumavutika kusamuka. Ndipo apulikeshoni muziponya pa webusaiti ya kampani yeniyeniyo, wina akakupezani pa WhatsApp kapena Facebook kuti tumizani kenakake ndikulowetseni pa mndandanda, blokani.

Ine ulendo woyamba nditagwa anandiuza kuti ndidikire chaka ndisanayesenso, nde ngati mukuona kuti miyezi itatuyi siyikukwanirani onani kaye lamulo lawo pa nkhani yobwereza musanadine submit. Tiuzeni pano kuti mayeso awo a pa kompyuta ndi ati, ngati ndi COMPASS kapena cut-e ndikuuzani mmene ndinkapangira pulakatisi.