Kwa mayi amene mwafunsa za ROTC: yambani ndi unzika, kusayina kubwere pambuyo

Mayi, mwanena kuti mnyamata wanu ali mu grade 11 ku Indiana, ali ndi green card (chilolezo chokhazikika ku America), ndipo akufuna kulowa ROTC, pulogalamu yophunzitsa maofisala a usilikali pa yunivesite, kuti asilikali a America amulipirire koleji. Mukufunsa ngati mumulole. Muloleni ayese, chifukwa njirayi ndi yeniyeni ndipo inakhazikitsidwa ndi lamulo kuyambira 1916. Koma asasayine pepala lililonse musanatsimikize zinthu ziwiri: unzika wake ndi thanzi lake.

Choyamba musiyanitse makomo awiri amene makolo ambiri amawasokoneza. Ofesi ya recruiter imene mumaiona pafupi ndi masitolo imalemba asilikali wamba: mwana akasayina kumeneko amapita ku maphunziro a usilikali, koleji n'kudzabwera pambuyo. ROTC ili mkati mwa yunivesite. Mwana amaphunzira digiri yake ngati wophunzira wina aliyense, n'kuwonjezera kalasi ya usilikali, ndipo akamaliza amapatsidwa udindo wa second lieutenant, udindo woyambira wa ofisala. Munthu woti mulankhule naye ndi wa ku ofesi ya ROTC pa yunivesite imene akufunayo. Mkulu wa ofesiyo amatchedwa Professor of Military Science, ndipo kawirikawiri amakhala lieutenant colonel.

Tsopano nkhani ya unzika, imene kwa ife ndiyo phata. Ndi green card yokha, mwana angathe kulembetsa makalasi a zaka ziwiri zoyambirira, koma sikolashipu ndi udindo wa ofisala zimafuna nzika ya America. Onetsetsani msinkhu wake. Lamulo la Child Citizenship Act la 2000 limati mwana wosakwana zaka 18, amene ali ndi green card ndipo akukhala m'manja mwa kholo lake ku America, amasanduka nzika pamene khololo lalumbira unzika. Ndiye ngati inu kapena bambo ake mwakwanitsa kale zaka zofunikira, tumizani fomu yanu yopemphera unzika ya N-400 msanga, kuti mulumbire iye asanakwanitse zaka 18. Umboni wake udzakhala pasipoti ya America kapena satifiketi ya fomu ya N-600. Tsiku lobadwalo likadutsa, ayenera kudzitumizira yekha N-400, ndipo nthawi yodikira ingathe kumuphonyetsa sikolashipu ya zaka zinayi. Palinso china: ofisala aliyense amafufuzidwa mbiri yake, ndipo fomu ya SF-86 imafunsa za makolo, abale ndi anthu akunja amene amalumikizana nawo pafupipafupi. Kukhala ndi abale ku Lilongwe kapena ku Mzimba si mlandu; mlandu ndi kuwabisa. Ngati adzakhale ndi unzika wa mayiko awiri, ayembekezere kufunsidwa ngati ali wokonzeka kusiya winawo.

Za ndalama, ku Army zili chonchi. Sikolashipu imalipira fizi, kapena malo ogona ndi chakudya, mumasankha chimodzi. Pamwamba pake pali madola 1,200 pachaka ogulira mabuku ndi madola 420 pamwezi am'thumba nthawi imene sukulu ili mkati. Werengetsani bwino: pa koleji yodula sankhani fizi, koma ngati fizi yalipidwa kale ndi thandizo lina, sankhani malo ogona. Mayunivesite ena amawonjezera okha chipinda chaulere kwa amene apata sikolashipuyi, choncho funsani ku ofesi ya zachuma ya sukulu iliyonse. Mafomu amatsegulidwa mu Juni akangomaliza grade 11, ndipo osankha amakumana katatu, mu Okutobala, Januwale ndi Malichi. Amalize zonse kuti dzina lake lilowe ulendo woyamba, chifukwa akapanda kusankhidwa amaganiziridwanso maulendo otsalawo. Amafuna GPA, avereji ya magiredi ake, yosatsika 2.5, koma amenewo ndi malire chabe. Opambana amakhala pamwamba kwambiri. Pali mayeso a thupi, ma push-up ndi ma sit-up kwa mphindi imodzi chilichonse komanso kuthamanga mtunda wa mayilo imodzi, ndiponso kucheza ndi mkulu wa ROTC uja, amene amafuna kumva kumene mwanayo anatsogolerako anzake: kaputeni wa timu, mtsogoleri wa achinyamata kutchalitchi, ntchito ya madzulo.

Pamene ambiri amagwa ndi pa thanzi. Akapata sikolashipu, bungwe lotchedwa DoDMERB limamutumiza kwa dokotala wa thupi ndi wa maso, ndipo ndalama sizituluka mpaka atavomerezedwa. Mphumu imene inapitirira atadutsa zaka 13 imalepheretsa, ngakhale inhela imene analemberedwa kamodzi chifukwa cha chifuwa cha nyengo yozizira ingadzutse mafunso. Mankhwala a ADHD amene wamwa posachedwapa, chakudya chimene chimamutupitsa koopsa, ndi opaleshoni ya bondo kapena phewa, zonsezi amaziyang'anitsitsa. Kukanidwa koyamba si mapeto, pakuti nthambi ya asilikaliyo ingathe kumukhululukira ikaona malipoti a dokotala, koma zimatenga miyezi. Yambani lero kusonkhanitsa mapepala ake onse a kuchipatala, kuphatikizapo buku lake la ku Malawi ngati anabadwira kumudzi. Ndipo musamulangize kubisa matenda. Zikadzadziwika atalandira kale ndalama, vuto limakula.

Moyo wa sabata ndi sabata ndi wolemera kuposa mmene umaonekera pa pepala. Masewera olimbitsa thupi amayamba cha m'ma 6 koloko m'mawa, pafupifupi katatu pa sabata, ngakhale kunja kuli chipale. Pali kalasi ya usilikali, masana amodzi ophunzira zakutchire atavala yunifolomu, ndi kumapeto kwa sabata kamodzi pa semesita kokagona kuthengo. Ngati koleji yake ilibe ROTC, angathe kumaphunzirira ku yunivesite yoyandikana nayo imene ili pa mgwirizano, koma zimenezo zimafuna galimoto ndi kudzuka mbandakucha. Amene amalephera kawirikawiri si ofooka thupi, koma amene magiredi awo atsika chifukwa chosowa tulo, makamaka ochita uinjiniya. Magiredi amalemera kwambiri pa mndandanda umene umagamula ngati adzalowe usilikali wa tsiku ndi tsiku kapena wa Reserve, wa asilikali otumikira pa nthawi zina zokha. Akamaliza chaka chachitatu amapita ku Advanced Camp ku Fort Knox, Kentucky, kwa masabata pafupifupi asanu, kumene amayesedwa kuwerenga mapu, kuwombera ndi kutsogolera gulu.

Ngongole yake muimvetse bwino, mayi. Zonse pamodzi ndi zaka 8 zotumikira usilikali. Wa sikolashipu ya Army amene walowa usilikali wa tsiku ndi tsiku amagwira zaka 4, zinazo amakhala pa mndandanda woti angaitanidwe. Angatumizidwe kulikonse, ngakhale kunkhondo, ndipo zimenezi muzikambirane poyera kunyumba. Wopata sikolashipu ya zaka zinayi ali ndi chaka choyamba choyesera: akaona kuti si zake, amachoka osabweza kanthu. Akangoyamba chaka chachiwiri, khomolo latsekeka, ndipo akasiya kapena kuchotsedwa amabweza ndalama zonse kapena amakatumikira ngati msilikali wamba. Chigamulocho si chake, ndi cha asilikali.

Ku Navy ndi ku Air Force mfundo ndi zomwezi, kungoti masikolashipu ambiri amapita kwa ochita sayansi ndi uinjiniya. Navy imafuna zaka zosachepera 5, ndipo woyendetsa ndege ku Air Force amamangika zaka 10 atamaliza maphunziro oulutsa ndegewo.

Unzika ukachedwa, asataye mtima ndipo asathamangire kwa recruiter. Alembetse kalasi ya ROTC ya chaka choyamba popanda kontirakiti, aziwoneka m'mawa uliwonse, asunge magiredi. Akadzalumbira, apemphe sikolashipu ya zaka zitatu kapena ziwiri kudzera ku ofesi ya pa yunivesite pomwepo, kumene adzakhale atamudziwa kale. Mukamapita kukaonana nawo, tengani green card yake, tsiku limene munatumiza N-400 ndi mapepala a kuchipatala aja, ndipo mupemphe kope la kontirakiti kuti mukaliwerengere kunyumba.