Mwana wanga ali ndi pakati ku Joni, akuti amubaye wa chifuwa chokoka mtima: ndimuletse?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Luchenza. Aitumiza pa imelo ndi mayi amene apempha kuti dzina lawo lisatuluke, ndipo ndaidula pang'ono:

"Mwana wanga wamkazi ali ku Joni ndi mwamuna wake. Ali ndi pakati pa miyezi 6, mimba yake yoyamba. Wandiimbira kuti ku sikelo amuuza kuti ulendo wotsatira akamubaya katemera wa chifuwa chokoka mtima. Ine ndabereka ana 5 konkuno, palibe mimba imene ndinabayidwa zimenezo, ndimadziwa wa kafumbata yekha. Pa gulu lathu la WhatsApp la amayi a kutchalitchi wina watumiza uthenga woti jekeseni ameneyu amachotsa mimba, apo ayi mwana amabadwa wolumala. Kodi sakufuna kuyesera mankhwala pa ife alendo? Ndimuuze akane?"

Mayi, musamuuze kuti akane. Ndayamba ndi yankho kuti ngati bandulo ingakuthereni panjira, mukhale mutamva chachikulu.

Mantha anu sindikuwaseka. Tonsefe tinakula tikumva kuti wapakati sasewera naye: asamwe mankhwala mwachisawawa, asaime pakhomo, ena mpaka kumuletsa mazira ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Za mazirazo tizisiye, koma mfundo yoti chalowa mwa mayi chingafike kwa mwana ndi yoona, ndipo achipatala nawonso amaiopa. N'chifukwa chake katemera wa chikuku sabaya mayi woyembekezera: muli kachilombo kamoyo kongofooketsedwa. Ndiye kufunsa mwafunsaku n'koyenera. Chimene ndikufuna tione limodzi n'chakuti pa zinthu ziwirizi, jekeseni ndi matendawo, choopsa kwa mdzukulu wanu ndi chiti.

Ambiri a ife chifuwa chokoka mtima timachidziwa mwa mwana wamkulupo, amene amatsokomola mosadukiza mpaka maso kufiira, kenako n'kukoka mpweya ndi kaphokoso kaja, mwina n'kusanza phala lonse. Chimayamba ngati chimfine wamba, ndipo chimatha kumugwira munthu miyezi iwiri kapena itatu. Wamkulu chimangomuvutitsa, amapita ku munda wa tiyi akutsokomola, anzake n'kumati ndi chiperoni cha mu Juni. Koma kwa khanda nkhani ndi ina. Khanda la masabata awiri kapena anayi nthawi zambiri silikoka n'komwe. Limangoleka kupuma kwa kanthawi, milomo n'kuda, kuyamwa n'kulephera. Likhoza kugwidwa chibayo kapena kukomoka. Amene ali pa chiopsezo chachikulu chomwalira ndi matendawa ndi ana osakwana miyezi 3. Ofufuza anayerekeza kuti mu 2014 mokha anapha ana osakwana zaka 5 pafupifupi 160,000 pa dziko lonse.

Tsopano tengani kabuku ka ku sikelo ka mwana wanu wotsiriza, ngati mukadali nako, muone tsiku la jekeseni wa pa ntchafu woyamba. Mupeza kuti anabayidwa atakwana masabata 6, wachiwiri pa masabata 10, wachitatu pa 14. Mu jekeseni ameneyo ndi mmene muli chitetezo cha chifuwa chokoka mtima. Ku South Africa masabata ake ndi omwewa. Ndiye taganizani: kuchokera tsiku lobadwa kufika sabata la 6, mwana alibe chake chomutchinga, ndipo ngakhale wabayidwa koyamba, chitetezo chimakhala chisanakhwime. Nthawi imene matendawa amapha kwambiri ndi yomweyo imene katemera wa mwana sanayambe kugwira ntchito. Mpata umenewu ndi umene anamwino a ku Joni akufuna kutseka.

Njira yake si yachilendo kwa inu. Wa kafumbata uja munkabayidwa ndinu, koma wotetezedwa anali mwana, kuti asadwale kachilombo kakalowera pa mchombo. Thupi lanu linkapanga asilikali, asilikaliwo n'kudutsa mu nsengwa kupita kwa mwana asanabadwe. Uyunso n'chimodzimodzi. Dzina lake ndi Tdap, ndipo mwa iye muli zitatu: kafumbata yemwe uja, matenda a kukhosi otchedwa diphtheria, ndi chifuwa chokoka mtima. Mulibe kachilombo kamoyo, ngakhale kakufa kathunthu mulibe. Muli tizidutswa tochepa totengedwa ku kachilomboko, toyeretsedwa, toti thupi lingozindikira mdani. Sangamupatse mayi kapena mwana matendawo, monga mmene chithunzi cha njoka sichingakulumeni.

Asilikali amatenga pafupifupi masabata awiri kuti achuluke, ndipo amawoloka ambiri m'miyezi yomalizira ya mimba. N'chifukwa chake sanamubaye atangoyamba sikelo, adikira mpaka pano. Ku South Africa boma linayamba kupereka Tdap kwa amayi oyembekezera mu 2024, pakati pa masabata 26 ndi 34, m'malo mwa wa kafumbata yekha uja. Mwana wanu ali pa miyezi 6, ndiye kuti akulowa m'nyengo yeniyeniyo. Akachedwa kwambiri, n'kubayidwa kutatsala masiku ochepa kuti achire, mwana sapeza phindu lokwanira.

Tibwere ku uthenga wa pa WhatsApp uja.

Zoti akuyesera pa alendo sizikugwirizana ndi mbiri ya katemerayu. Oyamba kubaya amayi awo oyembekezera anali mayiko olemera, pa ana awo omwe. Ku England ndi Wales mu 2012 matendawa anabuka, makanda 14 anamwalira chaka chimenecho, ndipo mu Okutobala boma linayamba kubaya amayi apakati. Ku America, chaka chomwecho, anagwirizana kuti mayi azibayidwa pa mimba iliyonse. Argentina nayo inayamba mu 2012. Ndiye pamene South Africa imayamba, anzawo anali atabaya kale amayi mamiliyoni kwa zaka zoposa 10. Mwana wanu ali pa mzere umodzi ndi eni nthaka, akulandira chimene mayi aliyense wa kumeneko akulandira. Kunena zoona, chimene ine ndikanadandaula n'chakuti amumane chifukwa ndi mlendo.

Nanga kodi anayang'ana ngati amachotsa mimba? Anayang'ana, ndipo funso limenelo ndi limene anayamba nalo. Bungwe loona za mankhwala ku Britain linatsatira amayi oposa 20,000 amene anabayidwa ali oyembekezera, zotsatira n'kutuluka mu 2014. Silinapeze kuti ana ofera m'mimba anachuluka, kapena kuti amayi ankataya magazi kwambiri, kapena kuthamanga magazi, kapena kubereka ana onyentchera kuposa amayi osabayidwa. Kafukufuku wina wa konko chaka chomwecho anapeza kuti mayi akabayidwa pa nthawi yake, mwayi woti khanda lidwale chifuwachi umatsika ndi pafupifupi magawo 9 mwa 10. Za kulumala: ziwalo za mwana zimaumbika m'miyezi itatu yoyambirira. Pa miyezi 6 manja, maso ndi mtima zinakhazikika kalekale, mwana akungokula.

Sindikubisirani chimodzi chimene chinaonekako, chifukwa anthu otumiza mauthenga aja amakonda kuchitola n'kuchikulitsa. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa mu 2014 anapeza kuti amayi obayidwa analembedwa kuti ali ndi matenda a m'thumba la madzi a mwana mochulukirapo pang'ono: pafupifupi 6 pa 100 aliwonse, pamene osabayidwa anali 5 ndi theka. Koma chimene matenda amenewo amabweretsa kawirikawiri, kubereka masiku asanakwane, sichinachuluke mwa amayi omwewo. Madokotala anaziona, anaziyeza ndi miyoyo ya makanda imene ikupulumuka, ndipo anapitiriza kubaya.

Pali chinthu china chimene chimasokeretsa ngakhale anthu ophunzira. Kupita padera kunalipo makolo athu asanadziwe jekeseni, ndipo kulipobe. Mukabaya amayi 1,000 apakati lero, ena ochepa mwa iwo adzakumana ndi tsoka sabata yamawa, monga akanakumana nalo osabayidwa. Amene zamuonekera adzakumbukira jekeseni wa Lachiwiri uja, ndipo palibe angamudzudzule, chifukwa mtima wosweka umafuna pogwira. Nkhani yake ndi imene imayenda pa mafoni. Amayi mazanamazana amene anachira bwino satumiza uthenga. Njira yodziwira zoona ndi kuwerenga magulu onse awiri, obayidwa ndi osabayidwa, n'kuona ngati matsoka achuluka mbali imodzi, ndipo ndi zimene anachita aja ndatchulawa.

Mantha ena ndi akale kwambiri, angovala malaya atsopano. M'zaka za m'ma 1970 kunamveka mphekesera zoti katemera wakale wa chifuwachi amaononga ubongo wa ana. Ku Japan mu 1975 anayamba aimitsa, ndipo makolo ambiri analeka kubayitsa. Pofika 1979 odwala anaposa 13,000, ndipo 41 anamwalira. Ndi a ku Japan omwewo amene pambuyo pake anakonza mtundu wa tizidutswa uwu, wosavutitsa thupi, umene mwana wanu akabayidwe.

Zimene ayembekezere ndi zazing'ono: mkono kuwawa kapena kutupa pobayapo, kutopa, mutu, mwina thupi kutentha pang'ono tsiku limodzi kapena awiri. Panado amaloledwa kwa wapakati, koma afunse anamwino kamwedwe kake. Thupi kuukana katemera moopsa, mpaka kutupa nkhope ndi kubanika, kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri, pafupifupi munthu mmodzi pa miliyoni, ndipo kumaoneka m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake asathamangire takisi akangobayidwa, ayambe wakhala pa benchi kanthawi. Ngati anabanikapo kale chifukwa cha katemera wina, anene asanamubaye. Ngati tsikulo wadzuka thupi likutentha kwambiri, anenenso, amusinthira tsiku. Ndipo akadzatenganso mimba ina adzabayidwanso, poti asilikali amenewa amachepa pakapita nthawi. Asadzadabwe.

Mwafunsa bwino kuti nanga inu simunabayidwe bwanji. Ku sikelo za boma kuno amayi oyembekezera amalandira wa kafumbata, wa chifuwa chokoka mtima mulibemo. Tdap ndi wodula kuposa uja, ndipo dziko lililonse limasankha poyambira molingana ndi thumba lake. Kusapezeka kwake pa chipatala cha Thyolo kapena cha Mulanje sikutanthauza kuti ndi woipa. Ana anu 5 anadutsa mpata uja bwinobwino, tithokoze. Koma pa mudzi uliwonse pali mayi amene anataya khanda la mwezi umodzi, anthu n'kungoti chinali chibayo kapena mphepo, popanda woyeza kuti chinayambitsa n'chiyani.

Kwa amene akuwerenga ali oyembekezera konkuno, zimene zili m'manja mwathu ndi izi. Tsiku la masabata 6 lisapitirire, kaya ndi nyengo yothyola tiyi, kaya mvula yakokolola mlatho, pitani tsiku lotsatira osati mwezi wotsatira. Jekeseni wa ana wa kuno amatenthetsa thupi ndipo mwana amalira usiku umodzi, koma chimenecho si chifukwa cholumphira wachiwiri ndi wachitatu. Akulu ake a khandalo akhale kuti anamaliza katemera wawo, chifukwa nthawi zambiri chifuwachi khanda limachitenga m'nyumba momwemo, kwa mayi, bambo, mkulu wake wa ku sukulu kapena agogo. Apa ndimawagomera makolo ndi mwambo wa chikuta. Iwo ankanena zifukwa zawo, koma kusunga khanda kutali ndi chigulu cha anthu masiku oyambirira kunali nzeru. Vuto lathu lero ndi loti mwana akangotuluka, aliyense wobwera ndi sopo ndi kambale ka ufa amafuna amunyamule, amupsompsone. Wotsokomola aonere pakhomo. Ndikudziwa kuti kuwauza apongozi mawu amenewa n'kovuta kuposa kukwera Sapitwa, ndiye bambo a mwana ndi amene awanene, asamusiyire mkazi. Khanda likayamba kudukiza kupuma, kuda milomo, kapena kutsokomola mpaka kusanza, musadikire kuche. Ku chipatala kuli mankhwala opha kachilomboka, ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa msanga.

Inu mayi a ku Luchenza, mukamuimbira madzulo ano, mufunseni kuti ali pa sabata la chingati, ndipo tsiku limene amupatsa likugwa liti. Muuzeni aonetsetse kuti anamwino alemba m'kabuku dzina la katemerayo ndi tsiku lake. Ngati muli ndi maganizo opita kukamuthandiza akachira, ndipo nthawiyo mwagwidwa chifuwa chosatha, yambani mwaonana ndi achipatala musanakwere basi. Ngati iwo ndi amene adzabwere kudzakuonetsani mdzukulu pa Khirisimasi, adzatenge kabuku ka mwanayo m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi, kuti tsiku la jekeseni likadzawapeza ali kuno, alangizi a zaumoyo a kwanuko adzaone pamene analekezera n'kupitiriza.