Kwa achemwali amene afunsa za alamu oyendetsa galimoto atamwa

Achemwali, mwati alamu amamwera ku Katoto kuno ku Mzuzu Loweruka lililonse n'kuyendetsa okha kubwerera ku Mchengautuwa, ndipo mukawadandaulira amayankha kuti zaka zonsezi sanagundepo ngakhale nkhuku. Ndiye mukufunsa ngati alipo anthu amene mowa suwasokoneza pa chiwongolero. Palibe, ngakhale mmodzi. Chimene chawapulumutsa mpaka lero n'chakuti mowa wawo sunakumanebe ndi zinzake pa tsiku limodzi: liwiro, mdima, tulo ndi munthu wotulukira mwadzidzidzi pamsewu.

Tiyambe ndi liwiro, chifukwa apa m'pamene anthu sawerengera. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Pa 100 ndi mamita pafupifupi 28. Mowa umachedwetsa uthenga wochoka m'maso kufika kuphazi lopondera buleki. Ndiye taganizani wakabaza wopanda nyale akutuluka m'kanjira ka ku Chibavi cha m'ma 11 koloko usiku, atanyamula mayi ndi mwana. Woyendetsa akachedwa ndi sekondi imodzi yokha, mamita 17 aja apita phazi lisanachoke n'komwe pa mafuta. Choipa china, mowa umayamba wachotsa mantha. Munthu amaponda kwambiri, amapitirira inzake pokhota, lamba samanga, uku mumtima akudziona ngati katswiri. Akamati "ine ndimayendetsa bwino ndikalawa", akunenadi zimene akumva, koma chomwe chikuwauza zimenezo ndi mowa womwewo.

Musapusitsidwe poti alamu sadzandira. Wozolowera mowa amaphunzira kuyenda mowongoka ndi kuyankhula bwinobwino, koma maso ake amaona chakutsogolo kokha, za m'mbali zimamudutsa. Akathobwa ndi nyale za thiraki yochokera ku Karonga, amatenga nthawi kuti ayambenso kuona msewu, ndipo m'mphepete mwa msewu wa M1 ku Luwinga anthu oyenda pansi satha ngakhale usiku.

Lamulo la dziko lino limaika malire pa magalamu 0.08 a mowa pa mamililita 100 a magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa 0.05, ndipo kwa achinyamata ndi ongoyamba kumene kuyendetsa limati 0.02, chifukwa chiopsezo cha ngozi chimayamba kukwera moonekeratu munthu akangofika pa 0.04. Choncho munthu akhoza kupumira m'kachipangizo ka apolisi n'kuuzidwa kuti apite, koma ali kale pangozi. Ine ndimaona kuti malire athuwa ndi otayirira. Kuwerenga mabotolo nakonso n'kosadalirika. Atatu omwewo amagwira mosiyana munthu wochepa thupi ndi wojintcha, wodya nsima ndi womwa m'mimba muli gwa. Nanga akasakaniza ndi kachasu, amene mphamvu yake sadziwa ngakhale wotcheza? Onjezani chamba, kapena mankhwala a chimfine opatsa tulo ngati Piriton, basi zinthu zafika poipa.

Tulo ndiye mnzake wamkulu wa mowa. Munthu wadzuka 5 koloko, wagwira ntchito tsiku lonse, wamwa mpaka 1 koloko usiku. Safunika kugona kwenikweni, kungosinza masekondi awiri kapena atatu galimoto yachoka kale m'mbali mwake.

Tsono misewu yathu kuno siikhululuka. Wa ku Nkhata Bay ndi wokhotakhota, zitunda ndi zitsetse zokhazokha, ndipo ndi umene anthu amabwerera Lamlungu madzulo atakhala padzuwa kunyanja ndi mabotolo tsiku lonse. Ku Chikangawa chifunga chikatsika, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July, umangoona mamita ochepa kutsogolo. Mwina mwaonapo thiraki ya matabwa itafera pamsewu, nyale zozima, chizindikiro chake n'kukhala nthambi ziwiri zitatu zoponyedwa pa phula. Wosamwa amaziona nthambizo n'kuzindikira msanga kuti kutsogolo kuli chinthu. Womwa amazipondaponda, tanthauzo lake n'kumufika atalowa kale kunsi kwa thiraki. Mvula yathu ya ku Mzuzu, yosachedwa kubwera ndi yochedwa kutha, imawonjezera kuterera ndi maenje obisika m'madzi, ndipo ngati matayala ndi osalala buleki imangokhala dzina.

Ambiri amaiwalanso za m'mawa mwake. Chiwindi chimachotsa mowa pang'onopang'ono, botolo limodzi laling'ono limatenga ola limodzi kapena kuposerapo. Khofi, kanyenya wa tsabola, kusamba madzi ozizira, zonsezi zimangomutsegula maso munthu, mowa uli m'magazi momwemo. Amene wasiya kumwa 2 koloko usiku atamwa kwambiri, 6 koloko akamapita ndi ana kusukulu akhoza kukhala adakali woledzera, iye akuti ndi matsire chabe. Apa ndiye ndikupemphani, ana musawakweze.

Wina anganene kuti alamu angosiya galimoto n'kuyenda wapansi. Chenjerani nazo. Kafukufuku amene anachitika pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, wofalitsidwa mu 2020, anapeza mowa mwa amuna pafupifupi 3 pa 10 alionse ovulala pa ngozi zapamsewu, ndipo gulu limene linapezeka nawo kwambiri linali la oyenda pansi. Woledzera wovala zakuda akuyenda m'mphepete mwa phula usiku ali pangozi yaikulu. Njinga yamoto nayonso si yankho labwino: wokwera woledzera amapendama pokhota n'kugwetsa onse awiri, chipewa nthawi zambiri palibe, ndipo ena mwa oyendetsa amene amadikira pakhomo pa bala usiku amakhala atalawa nawonso.

Nkhaniyi musaiyambe iwo atabwera usiku, simumvana. Ikambeni masana ali bwinobwino, ndipo ngati savomera, itanani achimwene awo kapena ankhoswe akhalepo. Chomwe mupemphe chikhale chimodzi chokha: tsiku lokamwa galimoto izitsala pakhomo, makiyi ali ndi inu. Pezani woyendetsa takisi mmodzi wodziwika amene samwa, nambala yake ikhale m'foni mwa nonse awiri, ndipo mtengo mugwirizane naye alamu asananyamuke.